Mpopi wa Kukhitchini Ukatha Mazinga

Madzi ambiri a m'mipopi m'chigwa cha Domasi amachita kutsika okha. Amatapidwa m'mitsinje yochokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, n'kumayenda m'mapaipi ndi kulemera kwawo mpaka pakhomo la munthu. Ndi mwayi umene anthu a kuchidikha cha ku Chilwa amausirira. Koma madzi otsika phiri ali ndi khalidwe lawo. Kwina amafika ndi ukali woti ndowa kuchita kugwedezeka, kwina amangotuluka mwaulesi, ndipo dzinja lililonse amabwera ndi mchenga. Zonsezi zimakathera pa mpopi wa kukhitchini, umene umatsegulidwa ndi kutsekedwa kuyambira phala la m'mawa mpaka mbale za mgonero. Palibe mpopi wina pakhomo wogwira ntchito ngati umenewu, n'chifukwa chake ndiwo umayamba kutha.

Wina amausintha m'mphindi 20, manja osada n'komwe. Wina ntchito yomweyo imamudyera masiku awiri, khoma litagumulidwa, madzi atatsekedwa nyumba yonse, ana akutunga kwa aneba. Tikaona chonchi timafulumira kunena kuti uyu ndi mmisiri, uyo ndi mbuli. Ine ndimaona kuti luso la pasipanala ndi gawo laling'ono chabe. Kuphweka kapena kuvuta kwa ntchitoyi kumakhala kutagamulidwa kale, tsiku limene paipi inkaikidwa ndi tsiku limene mpopi unkagulidwa.

Ku Domasi kuli mibadwo ingapo ya mapaipi. Mishoni inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa Church of Scotland, monga mphukira ya mishoni ya Blantyre, m'dera la Mfumu Malemia, ndipo lero ili pansi pa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linatsegula Jeanes Training Centre, ndipo m'dera lomwelo munadzakula Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education. Sukulu, chipatala, ndende, chilichonse chimabwera ndi nyumba za ogwira ntchito. Nyumba zakale zoterezi, kuno ngakhalenso mumzinda wa Zomba, zambiri zili ndi mapaipi achitsulo, a GI, okwiriridwa m'khoma, mpopi utatulukira pamwamba pa sinki. Paipi yotere ikakalamba imadyeka ndi dzimbiri mkati, njira ya madzi n'kumachepa, mazinga ake n'kumanyenyeka.

Mbadwo wina unayambira kuseri kwa phiri la Zomba, ku Chingale, mu 1968. Anthu a m'midzi anakumba okha ngalande, boma n'kupereka mapaipi ndi amisiri, madzi n'kutsika mpaka pamipopi ya m'midzi popanda injini. Njira imeneyi inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe, kum'mawa kwa Zomba ndi kwina kwambiri, ndipo inazoloweretsa anthu mapaipi apulasitiki ndi mpopi woimirira panja. Kenaka pali madzi a mita, a Southern Region Water Board, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, amene aliyense amangowatchula kuti a wotabodi. Tinene zoona pano: m'makomo ambiri a m'chigwachi khitchini ndi kanyumba kapadera, ndipo mpopi wa kukhitchini ndi uja woima panja pafupi ndi thandala la mbale. Sinki yonyezimira ili m'nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za amene amanga posachedwapa. Komabe mitundu yake ndi itatu basi: wa pakhoma kapena wa panja, umene umalowa m'paipi ndi mazinga, wa pasinki, woima pabowo n'kumangidwa ndi nati kunsi, ndi wa mikisa, wophatikiza madzi otentha ndi ozizira.

Musanasinthe, yambani mwaona ngati mpopiwo wafadi. Mipopi yambiri imene imatayidwa kudzala imakhala yodwala chabe. Mpopi wopotokola uja, umene kampani ya Guest and Chrimes ya ku Rotherham ku England inautulutsa mu 1845, ndi chinthu chosabisa kanthu. Mukapotokola chigwiriro, kamtengo ka mazinga kamatsitsa washala yamphira pakamlomo kamene madzi amatulukira, madzi n'kutsekeka. Tsono yang'anani pamene ukudonthera. Ngati ukudonthera kukamwa utatsekedwa, yatha ndi washala. Ngati madzi akutulukira m'munsi mwa chigwiriro mukatsegula, ndi kanati ka pakhosi kamene kakhwepa, kapena kamphira kozungulira ka mkati mwake. Ngati akuchucha pamene mpopi wakumana ndi paipi, vuto ndi tepi ya pamazinga. Palibe chimodzi mwa izi chofuna mpopi watsopano. Umene wafadi ndi umene chigwiriro chake chimangozungulira osagwira, umene thupi lake lang'aluka, kapena umene kamlomo kake kakumbika ndi mchenga mwakuti washala yatsopano imangodonthabe. Ngakhale kamlomoko apulambala ena ali ndi kachida kokapalira kuti kasalalenso.

Mankhwala athu achangu timawadziwa tonse: kumanga mutu wa mpopi ndi mphira ya chubu cha njinga, kapena kuukanikiza ndi manja awiri mpaka nkhope kuchita makwinya. Kukanikizako ndiko kumapha mpopi. Kumaphwanya washala, kukumba kamlomo, pomaliza n'kumaliza mazinga a kamtengo kaja. Ena amadula washala pa tayala lakutha, ndipo imapirirako ndithu. Yodula pa patapata ndi yongodzinamiza nayo, imafewa msanga n'kumatuluka tizidutswa. Washala yeniyeni ndi kanthu ka mtengo wochepa kwambiri m'hadiweya monse, gulani zingapo musunge m'kabati. Amene akuti kudontha si nkhani ayese izi: aike kapu ya mamililita 250 pansi pa mpopi. Ikadzaza m'mphindi 10, ndiye kuti pa ola akutaya lita imodzi ndi theka, pa tsiku malita 36, pa mwezi malita oposa 1,000. Ndi ndowa 54 za malita 20 zimenezo, ndipo mita sigona, imawerenga dontho lililonse. Kwa amene ali ndi mita yolipiriratu, ndi mayunitsi amene amangotha osadziwa kuti adya ndani.

Tsopano mpopi wafadi. Mugule wotani? Masiku ano maso amathamangira mipopi yongokhotetsa pang'ono, kota chabe, madzi n'kutuluka. Ndi yabwino m'manja, makamaka kwa ana ndi agogo a nyamakazi. Mkati mwake mulibe washala yamphira. Muli timbale tiwiri tolimba ta ceramic, tosalala kwambiri, timene timatsetsereka kamodzi pamwamba pa kanzake. Mabowo akalunjikana madzi amadutsa, akasemphana atsekeka. Pamadzi oyera timbale timeneti timakhala zaka zambiri. Mdani wake ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kakalowa pakati kamakanda, ndipo chikande chimenecho sichichira. Muyenera kusintha chamkati chonse, ndipo zamkatizi sizifanana: kutalika kumasiyana, mano olowa m'chigwiriro amasiyananso. Mutha kuyenda masitolo a ku Zomba onse ndi chakalecho m'thumba osapeza chinzake. Pamene washala ya mpopi wopotokola mumaipeza pa Songani pomwepa.

Amene anaona mtundu wa madzi a m'mipopi pambuyo pa namondwe wa Freddy m'Malichi 2023 safunika kuuzidwa za mchenga. Koma sipafunika namondwe. Mvula yoyamba ikakokolola m'phiri, kapena paipi yaikulu ikaphulika n'kukonzedwa, madzi oyamba kubwera amakhala ndi zinyalala. Ndiye ine ndimati, kumene madzi amada dzinja lililonse, mpopi wopotokola wa washala ndi umene umakhalitsa, chifukwa umakonzeka. Amene mtima uli pa wamakonowo aike kasefa ka mapaipi patsogolo pa mita, mbali ya kunyumba, kamene amakamasula n'kukatsuka nthawi ndi nthawi. Palinso timipopi tina ta chigwiriro chofiira kapena chabuluu, ta mpira mkati, totchipa zedi. Timagwira ntchito, koma sitikonzedwa. Tikayamba kudontha ndi kudzala basi.

Nkhani yachiwiri ndi ya pulesha, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Mamita 10 alionse amene madzi atsika amawonjezera mphamvu ya pafupifupi bar imodzi. N'chifukwa chake pamizere ya madzi otsika phiri mumapeza timathanki ta simenti m'njira, ntchito yake kuphwanya mphamvu ya madzi kuti mapaipi a kumunsi asaphulike. Nyumba ziwiri za pamzere umodzi zitha kusiyana kutali, ya kumtunda madzi akuchita kunyengerera, ya kumunsi akuwomba. Ndipo nyumba imene imadalira thanki yake, yokwezedwa mamita 4 pamwamba pa mpopi, ili ndi mphamvu yosakwana theka la bar. Mipopi yambiri ya mikisa ya chigwiriro chimodzi imafuna bar imodzi kapena kuposa, ndipo pabokosi pake amalemba. Njira zake za mkati ndi zopapatiza, timapaipi take tofewa n'topapatizanso. Mukaulumikiza ku thanki yotsika chonchi, mphika wa nsima mudzaudzaza mutayamba mwasesa pabwalo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tcherani ndowa ya malita 20. Ikadzaza m'mphindi ziwiri kapena zosakwana, mpopi uliwonse ugwira. Ikapitirira mphindi zinayi, gulani wamba wa njira yotakata, muiwale za mikisa.

Kumene madzi ali aukali vuto limatembenuka. Mpopi wa kota umatseka mwadzidzidzi, madzi othamanga m'paipi n'kugunda kuti gu! Kugunda kumeneku, tsiku ndi tsiku, kumakhwepetsa malumikiziro ndi kuphulitsa timapaipi tofewa. Wopotokola umatseka pang'onopang'ono, suchititsa zimenezi.

Za mikisa ndinenepo kamodzi. Al Moen, wa ku Seattle ku America, anaganiza za mpopi wa chigwiriro chimodzi mu 1937 atapsa manja ndi madzi otentha, ndipo unayamba kugulitsidwa mu 1947. Unapangidwira nyumba imene madzi otentha amakhalamo nthawi zonse. Kwathu kuno ndaona mikisa yokongola m'nyumba zopanda giza n'komwe, paipi yachiwiri itangotsekedwa ndi pulagi kunsi kwa sinki. Ndi kulipira mipopi iwiri n'kumagwiritsa ntchito umodzi. Kumene giza ilipo, onetsetsani kuti mbali zonse zili ndi mphamvu yofanana. Ozizira akakhala aukali, otentha ofooka, ozizirawo amakankha anzawo kubwerera m'paipi, inu n'kumadabwa kuti magetsi akutha koma madzi satentha.

Popita kogula, nyamulani mpopi wakalewo. Zimene zimachitika pakauntala ya hadiweya n'zodziwika.

"Ndikufuna mpopi, achimwene."

"Wa hafu kapena wa filikota, bambo?"

"Wa kukhitchini."

"Yonseyi ndi ya kukhitchini, bambo. Wakalewo mwabwera nawo?"

Bambo aja sanabwere nawo. Amangoloza umene wawasangalatsa, akwera minibasi kubwerera ku Domasi, atsikira pamsewu, akwera kabaza mpaka kumishoni, n'kukapeza kuti sukulowa. Ndalama ya ulendo wachiwiri ikanagula mpopi wabwinopo. Ngati simungathe kuumasula chifukwa palibe potsekera, jambulani ndi foni, muyeze ndi rula. Dziwani kuti wa hafu inchi ukauyeza kunja kwa mazinga umakwana mamilimita pafupifupi 21, wa filikota pafupifupi 26. Ambiri a m'khitchini ndi a hafu. Wa mikisa wa bowo limodzi umafuna bowo la mamilimita 35 pasinki, pamene bowo la mpopi wamba ndi laling'onopo. Wa mikisa wa pakhoma uli ndi miyendo iwiri, ina yotalikirana mamilimita 150, ina pafupifupi 180, ndiye yezani mapaipi anu pakati ndi pakati. Onaninso kutalika kwa khosi: ndowa yanu ikwane pansi pake, ndipo madzi agwere pakati pa sinki, osati m'mphepete.

Mazinga a mapaipi athu ndi a Chingerezi, otchedwa BSP, ochokera pa muyeso umene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841. Mano ake amapendeka madigiri 55. A ku America amapendeka madigiri 60. Chonyenga n'chakuti pa hafu inchi onse ali ndi mazinga 14 pa inchi, choncho mpopi umene m'bale wanu wakutumizirani kuchokera ku America umayamba kulowa bwinobwino, kenaka n'kukakamira, ndipo mukaumiriza umadontha. Wochokera ku Joni ulibe vuto limeneli. South Africa imatsata BSP ngati ife, n'chifukwa chake mipopi ya Cobra inazolowereka kuno, mpaka opanga zachinyengo anayamba kuba dzinalo.

Chinyengo chimadziwika ndi dzanja. Mpopi wa bulasi umalemera. Wa zinki wokutidwa ndi chonyezimira umapepuka, ngakhale kunja ukuwala kuposa unzakewo. Suzumirani mkati mwa mazinga: bulasi ndi wachikasu, zinki ndi yotuwa. Ina amaipaka chikasu dala, koma mukakanda pang'ono ndi kiyi mkatimo kutuwa kumaonekera. Zinki ndi yophweka kuthyoka, ndipo imathyokera pamalo oipitsitsa, pamazinga penipeni, chidutswa n'kutsalira m'paipi ya m'khoma. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa mapaipi, amene pafupifupi yense ndi wochokera kunja, anakwera mtengo kwambiri, ndipo sindingamudzudzule munthu amene wasankha wotchipa. Koma ngati thumba lakana bulasi, bola mpopi wapulasitiki kusiyana ndi wa zinki. Wapulasitiki sunama. Suchita dzimbiri, ukathyoka chidutswa chake chimachoka mosavuta, ndipo panja sukopa akuba ogulitsa zitsulo, amene mpopi wa bulasi amauzula usiku umodzi. Adani ake ndi dzuwa, limene limauumitsa, ndi dzanja lolemera.

Tifike pa ntchito yeniyeni. Chiyambi ndi kutseka madzi, ndipo ambiri amagwera pomwepa. Malire a wotabodi ndi pamita: kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba n'kwanu, mita ndi kumbuyo kwake n'kwawo, musakhudzeko. Vavu yanu iyenera kukhala patsogolo pa mita. M'nyumba zakale vavu imeneyi imakhala itatha zaka osagwidwa, itauma kuti gwa, kapena imazungulira koma madzi osatsekeka. Iyeseni dzulo lake, musanagule chilichonse. Ngati muli ndi giza, zimitsani magetsi ake musanatseke madzi, chifukwa ikakhuthuka ili yoyaka chotenthetsera chake chimapsa. Tungiranitu ndowa ziwiri zophikira. Mukatseka, tsegulani mpopi wa panja kuti madzi otsalira m'mapaipi atsike.

Mpopi wa pakhoma umafuna zida ziwiri, osati chimodzi. Bobojani igwire soketi kapena paipi yotuluka m'khoma kuti isasunthe, shifiting'i izungulitse mpopi kumanzere. Mukagwiritsa ntchito chida chimodzi, mphamvu yanu yonse imakathera pa elubo yobisika m'khoma, ndipo ikakhwepa imeneyo mudzadziwira penti kutupa patatha mwezi. Ukakana, musawonjezere paipi kuchigwiriro cha sipanala kuti mukoke mwamphamvu. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, dikirani, gogodani soketi pang'onopang'ono ndi hamala, yesaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukathyokerabe mkati, sikuti khoma ligumulidwe ayi. Tengani mpeni wa sowo yodulira zitsulo, muulowetse m'chidutswacho, mucheke mizere iwiri kuchokera mkati mosamala osafika pamazinga a soketi, kenaka mugogode kachigawo ka pakatiko kagwere mkati. Chotsalacho chimatuluka ndi pulaya.

Tsukani mazinga a soketi ndi mswachi wakutha. Kenaka tepi yoyera ija, imene m'sitolo amati thread tape. Gwirani mpopi mazinga atayang'ana kwa inu, mukulunge motsata mmene mivi ya wotchi imayendera, kuti pomanga tepi izikanirira m'malo momasuka. Siyani zinga loyamba lopanda tepi kuti mpopi ugwire njira. Tepi ya masiku ano ndi yopyapyala, imafuna kuzunguliza ka 10 kapena kuposa. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito ulusi ndi penti, ndipo zinkatseka ndithu, kungoti wodzamasula ndiye amalira. Jumbo yong'amba imene ena amakulunga ndi yongopusitsa maso. Yambani kumanga ndi dzanja. Ngati ukulimba musanazungulize kawiri, mwaupingasa, bwererani. Vuto lodziwika ndi lakuti mpopi umalimba kamwa itayang'ana kumbali kapena kudenga. Musaubweze m'mbuyo kuti uwongoke, tepi ikabwerera sitsekanso. Musaukakamizenso kuti umalize ulendo. Utulutseni, chotsani tepi yonse, kulungani ina mowonjezera kapena mochepetsa pang'ono, mpaka ulimbire pamene kamwa yaloza pansi.

Wa pasinki ndi nkhani ina, chifukwa ntchito yake imagwiridwa chagada, mutu uli m'kabati, zinyalala za dzimbiri zikugwera m'maso. Nati yake ili kuseri kwa beseni la sinki, pamene sipanala wamba sifika. Pali chida chake, chachitali, cha kamwa yopindika kumapeto, chimene chimagwira nati kuchokera pansi. Palinso sipanala yonga paipi imene imavala natiyo. Ngati mulibe, bwerekani kwa pulambala, musayese ndi pulaya mpaka nati kutha makona. Mufunikanso tochi ndi munthu wachiwiri wogwira mpopi pamwamba kuti usazungulire. Koma njira yophweka kuposa zonse, imene omanga nyumba amaiphonya kawirikawiri, ndi kumanga mpopi pasinki sinkiyo isanakhazikidwe. Itembenuzeni pansi pamphasa, mumange nati ndi timapaipi tofewa muli chikhalire, poyera, kenaka muinyamule yonse muikhazike. M'nyumba zambiri kuno sinki imamatidwa pasilabu ya simenti, mmisiri wa njerwa n'kutseka kumbuyo konse osasiya polowa dzanja. Iye wamaliza ntchito yake, walandira zake. Amene adzasinthe mpopi patatha zaka zitatu ndiye adzagwire tchizulo. Mukamamangitsa, imani pomwepo muwauze kuti, "Amisiri, kuseriku musiye malo olowa mkono ndi sipanala."

Timapaipi tofewa toluka ndi waya tinaphweketsa ntchitoyi kwambiri, chifukwa sipafunikanso kuti paipi ilunjike ndendende pansi pa mpopi. Koma tili ndi malamulo ake. Nati yake ili ndi kamphira mkati, ndiko kamatseka madzi, choncho tepi siifunika pamenepo. Mangani ndi dzanja, muwonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Tisapotoke, tisapindike mwamphamvu, tisakokeke; gulani totalikirako. Totchipa waya wake amachita dzimbiri m'chinyontho cha kunsi kwa sinki, ndipo timaphulika usiku, anthu ali m'tulo. Posintha mpopi sinthaninso timeneti, musabwezerepo takale. Otentha amakhala kumanzere, ozizira kumanja. Ngati sinki ndi yachitsulo chopyapyala ndipo mpopi wa khosi lalitali ukugwedera, ikani kathabwa kolimba kapena kapulasitiki kochindikala kobowola pakati, kunsi, nati isanamangidwe.

Musanalumikize komaliza, lozetsani paipi m'ndowa, wina atsegule vavu pang'ono kuti dzimbiri ndi mchenga zimene mwazigwedeza zituluke. Zikapanda kutero zimakalowa mumpopi watsopano tsiku loyamba lomwelo. Ngati kukamwa kwake kuli kasefa, kamasuleni, mutsegule madzi kwa kanthawi, mukabwezere. Kasefa kameneka ndi kamene kamatsekeka anthu n'kumati madzi achepa mphamvu. Kukanyika mu viniga usiku umodzi kumakwana. Pomaliza pukutani paliponse, muyale nyuzipepala pansi pa sinki. Musakhutire ndi zimene mwaona masana. Usiku anthu akasiya kutunga mphamvu ya madzi imakwera, ndipo malumikiziro amene anaoneka ouma madzulo amaulula m'mawa. Tsekani mipopi yonse muone mita: ngati ikuyendabe, pena pake pakudontha.

Elizabeth Kleemeier, amene anafufuza masikimu a madzi a kumidzi m'Malawi muno nafalitsa zimene anapeza mu 2000, anaona kuti makomiti a m'midzi amachita bwino pokonza tizinthu ting'onoting'ono kuti madzi asasiye kutuluka, koma amafooka posamalira zinthu zisanawonongeke. Khalidwe limeneli lilinso m'makhitchini mwathu. Timakonza kuti lero tiphike, za amene adzakonze mawa sitiwerengera. Chinthu chimene chimasandutsa ntchito ya masiku awiri kukhala ya mphindi 20 ndi kavavu kakang'ono ka pansi pa sinki, kamene amati angle valve, kamodzi pa paipi iliyonse. Kalipo, mumatseka mpopi umodzi wokhawo, bafa ndi chimbudzi zikugwirabe ntchito, ndipo mutha kunyamula mpopi wakale kupita nawo ku Zomba popanda kusiya banja pa ludzu. Pa mpopi wa pakhoma kapena wa panja, vavu ya chigwiriro ndi cholumikizira cha yuniyoni pa paipi yokwera zimachita chimodzimodzi. Mtengo wake sufika wa mpopi wabwino. Nthawi yokaika ndi yomweyi, madzi ali otseka kale, zida zili pansi. Kamodzi pa miyezi ingapo muzikatseka n'kukatsegula kuti kasaume.

Chimalepheretsa si umbuli wokha. Nyumba zambiri za kuno ndi za mabungwe kapena za lendi, ndipo wokhalamo amadziwa kuti tsiku lina kalata ya transifa idzabwera. Agulirenji bulasi ndi mavavu n'kuzisiyira wina? Eninyumba nawo sadziwa kuti mpopi ukudontha, chifukwa bilu salipira ndi iwo. Mphira ya chubu imakhala pampopi zaka chifukwa cha zimenezi. Njira yake ndi kukambirana musanagule: muwaonetse eninyumba kapena oyang'anira nyumbazo, mugwirizane kuti ndalamayo ichotsedwe pa lendi kapena ibwezedwe, musunge lisiti ndi mpopi wakalewo. Wakalewo, ngati ndi wa bulasi, musataye. Mutu wake kapena chigwiriro chake chidzapulumutsa unzake.

Pali pamene munthu ayenera kusiya sipanala n'kuitana odziwa. Ngati mpopi umagwira shoko, limenelo ndi vuto la magetsi, itanani wa magetsi musanaukhudzenso. M'nyumba zina zakale waya woteteza ku shoko anaumangirira pa paipi yachitsulo. Mukaona waya wotere musadule paipiyo n'kuikapo yapulasitiki musanafunse. Ndipo ngati mwamasula mpopi n'kupeza kuti mazinga a soketi atsalira m'manja mwanu ngati ufa wofiira, paipi ya m'khomayo yatha, ndipo mpopi watsopano sungaichiritse. Pulambala wina adzakuuzani kuti agumule khoma alowetse ina momwemo. Ine ndingasankhe kuti yakaleyo itsekedwe kumene ikuchokera, yatsopano idutse kunja kwa nyumba, yomangidwa ndi timakilampu, ibowole khoma pamalo amodzi kuseri kwa sinki. Sikongola kwenikweni, ndipo ngati ndi yapulasitiki imafuna kupakidwa penti kuti dzuwa lisaiumitse. Koma cholumikizira chilichonse chimakhala poonekera, vavu ili pofikira dzanja, ndipo kubowola kamodzi kumatchipa kuposa thumba la simenti, mchenga, pulasitala ndi penti ya khoma lonse la khitchini.